Ukwati wa Kuseri kwa Mzere

A Makhluf Kohen anali munthu woti akamadutsa mumsewu ngakhale amphaka ogona pansi pa galimoto sankatsegula diso. Wamfupi, mapewa ogwera kutsogolo, maso okhala ngati akuonera chinthu china chimene chili kumbuyo kwa amene akulankhula naye. Anafika ku Eilat kuno ali khanda kuchokera ku Moroko, atakulungidwa m'bulangete limodzi ndi kamtondo kamkuwa ka amayi awo, ndipo achemwali awo aakulu, a Mesoda, amanena mpaka lero kuti pa ziwirizo chimene chinathandiza banja ndi kamtondoko.

Ntchito anagwira zambiri, koma palibe imene inawagwira iwo. Anakumba mkuwa ku Timna mpaka mgodi unatsekedwa, nabwerako ndi khutu limodzi lakufa, limene ankalitembenuzira kwa aliyense wobwera ndi malangizo. Ananyamula matumba padoko. Anapukutako galasi la pansi pa boti lina loonetsera alendo nsomba, koma anawachotsa atawapeza kangapo atagona chafufumimba pagalasipo, nsanza ili m'manja, akucheza ndi tinsomba tachikasu. Kukwatira sanakwatire. Ankadya kwa a Mesoda, kugona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini yawo, n'kumakalamba pang'onopang'ono ngati mpando wosakhalidwa.

Chinthu chimodzi chokha anali nacho, ndipo sanachikhetsere thukuta: dzina. Kohen ndi wa mbumba ya ansembe, ndipo m'kasunagoge kathu ka kumtunda kwa tauni Kohen analipo yekhayo. Ndiye Sabata lililonse m'mawa, pemphero likafika pakati, iwo ankavula nsapato, mkulu wina n'kubwera ndi jagi kudzawathira madzi m'manja, n'kukaima kutsogolo. Wotsogolera mapemphero akaitana kuti "Ansembe," a Makhluf ankadzifunditsa nsalu yopempherera kumutu mpaka kumanja, n'kutambasula zala, n'kudalitsa mpingo wonse. Mwini golosale, mwini matakisi, ngakhale uja wa ku banki amene sankawayankha moni, onse mitu zyoli. M'kati mwa nsaluyo munali mbee, ngati munthu waima pakati pa mtambo, ndipo pakhosi pawo pankatuluka mawu aakulu, osalala, oti eni ake ankadabwa nawo. Akatha ankavala nsapato zawo zakutha zidendene, n'kubwerera kukakhala Makhluf.

Koma dzinalo lili ndi minga yake. Kohen salowa kumanda, ndipo Kohen sakwatira mkazi wosudzulidwa. Akangomukwatira, kudalitsa kwathera pomwepo. Za kumandazo a Makhluf sankadandaula nazo, poti maliro kuno amakhala padzuwa lophika ubongo. Za mkazizo sankaziganizira n'komwe, mpaka pamene zinabwera sitima za juga.

Lamulo lake linali loti mwana angalimve, wamkulu n'kuseka nalo. Pamtunda kutchova juga n'kulakwa, kupatula juga ya boma ija ya matikiti imene amagulitsa pakona iliyonse, poti boma likatchova limati likumanga sukulu. Koma madzi athu ndi ochepa ngati a m'beseni. Sitima ikangoyenda pang'ono kulowera kumwera, mbali ya ku Taba, imadutsa mzere umene palibe anauonapo ndi maso, ndipo kuseri kwa mzerewo wapolisi wathu ndi mlendo chabe wovala chipewa. Ndiye anthu anzeru za m'thumba anagula zisitima zakale, zotopa ndi kunyamula mbuzi ndi alendo pazilumba za Agiriki, n'kuzipaka utoto woyera, n'kuzipachika mbendera za mayiko oti ngakhale mphunzitsi sangawaloze pamapu. Mabasi anayamba kutsika m'chipululu atadzaza: agogo opuma pantchito, amayi atapanira zikwama kukhwapa, amuna a mphete chala chilichonse.

A Makhluf analembedwa ntchito pa sitima ina yotchedwa Dona Perla, ndipo kwa nthawi yoyamba ntchito inawayenera ngati nsapato. Sitima ikamanyamuka padoko matebulo onse ankakhala atafundidwa nsalu zobiriwira zomangidwa ndi zingwe, gudumu la manambala litatsekedwa, ogawa makadi manja kumbuyo, anthu ali duu m'mipando ngati odikira dokotala, kumangodya ndi kuyang'ana mawotchi. Ikadutsa mzere, kaputeni Manolis ankayatsa kanyale kobiriwira pakhomo la chipinda chake, a Makhluf n'kuimba belu, n'kuyenda tebulo ndi tebulo kuvundukula nsalu. Pobwerera chimodzimodzi: belu, nsalu, zingwe. Ntchito yonse inali imeneyo, kudzutsa tchimo ndi kuligoneka.

Iwo ankauza aliyense kuti mzerewo amaumva m'thupi, kuti madzi amasintha mtundu, mphepo imanunkhira mosiyana, pachifuwa pamapepuka ngati wavula jekete yothina. Bodzalo linaonekera tsiku lina pamene anaimba belu anthu a padoko akuonekabe nkhope, kaputeni n'kutsika akutukwana m'Chigiriki. Kuyambira pamenepo mzere ankaumva m'thupi diso lili pakanyale. Koma zoti pachifuwa pankapepuka zinali zoona. Otchova juga atadziwa kuti wa belu uja ndi Kohen anayamba kumawakhudza malaya, ena kuwatambasulira zikhatho kuti awadalitsire asanagwire makadi. A Makhluf ankakana, amvekere madalitso anawasiya kumtunda, kuno iwo ndi munthu wa belu basi. Poyamba ankanena pofuna kuti awasiye. Kenako anayamba kukhulupirira. Munthu ukamaona tsiku ndi tsiku chinthu chimene kuno amamangira anthu chikusanduka ntchito yolemekezeka, ya tayi, kungoti sitima yasuntha pang'ono, mutu umayamba kumera maganizo.

Kukhitchini kwa sitimayo kunali Sultana. Anachokera ku Dimona atasudzulana ndi mwamuna wake woyendetsa malole, amene ankakonda msewu kuposa nyumba, ndipo zinadzadziwika kuti msewuwo unali ndi dzina ndi ana awiri ku Arad. Anali mayi wa mikono yonenepa, dzino lagolide, ndi pakamwa poti akakuyamikira uzikadziyang'ana pagalasi ngati sunavulale. Nsomba yake ya tsabola inkaliza anthu asanayambe n'komwe kuluza. A Makhluf anayamba kumaima pakazenera koperekera mbale, akuti kupempha madzi akumwa, ndipo ankamwa madzi ochuluka moti Sultana anawalangiza kuti akapimitse shuga.

Chimene Sultana anazindikira msanga n'chakuti a Makhluf analipo awiri. Sitima isanafike pamzere ankangoti mwaswera bwanji mayi Sultana, maso ali pansi. Belu likangolira ankabwera nsalu zobiriwira zili paphewa ngati mkanjo wa mfumu, n'kumuuza kuti mapiri a tsidya lija akufiira chifukwa amuona, kuti analota akuyenda naye pansi pa nyanja atagwirana manja, nsomba zikuwapatukira. Belu lobwerera likalira, ankalowanso m'chigoba ngati nkhono.

"Kodi a Kohen," anafunsa tsiku lina akupala mamba a nsomba, "mtima wanuwu nawonso amaufunditsa nsalu padoko? Mundiuze amene amasunga zingwe zake ndikalankhule naye."

A Makhluf anayankha kuti akufuna kumukwatira. Anali kuseri kwa mzere.

Ku ofesi ya maukwati nkhani sinatalike. Anafunsa dzina la mwamuna, anafunsa ngati mkazi anakwatiwapo, n'kutseka cholembera. Aliyense kuno amaidziwa njira yozembera: mumakwera ndege kupita ku chilumba cha Kupro, mkulu wa tauni kumeneko amakukwatitsani, pobwera boma limavomera monyinyirika. Sultana anali wokonzeka, anali atayamba kale kufunsa za nsapato. Koma ukwati wa ku Kupro umakutsatira kunyumba, umakwera nawe masitepe, umalowa nawe m'sunagoge. A Makhluf akaganiza za Sabata lopanda jagi, lopanda kuwala kuja kwa m'nsalu, nkhani ya ndegeyo ankaizemba.

A Mesoda nkhaniyi anaimva mchimwene wawo asanafike n'komwe pakhomo. A Makhluf anawapeza ataima pamasitepe, manja m'chiuno.

"Iwe Makhluf, chinthu chimodzi chimene atate anakusiyira, chosagulitsika, chosabedwa, choti ngakhale iwe sungachitaye m'basi, ukufuna ukachisinthanitse ndi poto wa nsomba? Ukatero, pakhomo panga pano uzidutsa ngati wowerenga mita."

A Makhluf anatembenuza khutu lakufa lija, n'kulowa kukadya.

Maganizo aja anabereka tsiku lina akupinda nsalu. Ngati makadi kuno ndi mlandu koma uko ndi ntchito, nanga mkazi? Pamtunda akhalebe Kohen wosakwatira, wodalitsa. Panyanja, kumene ali munthu wa belu basi, akhale mwamuna wa Sultana. Anaona kuti zikukwanirana bwino ngati chivundikiro ndi mphika, mpaka anadabwa kuti makolo onse aja a ndevu sanaziganizepo. Anapita kwa rabi wathu wokalamba mozungulira, n'kufunsa ngati lamulo limafika kuseri kwa mzere, akuti akufunsira mnzawo. Rabi anawayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti lamulo la boma limathera pamzere ndithu, koma madzi a kuno ndi a uko anawalenga ndi mmodzi, ndipo sanamvepo kuti mwini wakeyo amasowa boti. A Makhluf anamva zonse bwinobwino, khutu lamoyo ndi limene linali mbali imeneyo. Anathokoza, anatola theka loyamba la yankholo, linalo n'kulisiya pampando.

Kaputeni Manolis anaseka mpaka kutsokomola. Anawauza poyera kuti iye si wansembe, si woweruza, ndipo ukwati womanga iye ukafika padoko umasungunuka ngati madzi oundana m'tambula. A Makhluf anati ndi umenewo akuufuna, wosungunukawo. Sultana atamva anakhala pathumba la anyezi n'kuseka mpaka misozi. Kenako anasiya kuseka, n'kuyang'ana bambo wamfupiyo ataima chipewa chili m'manja. Panali patapita zaka zambiri munthu asanamuganizire chinthu chopusa chotero. Anavomera.

Ukwati unachitika pa ulendo wa masana, uja wa agogo. Denga limene akwati amaima pansi pake linali nsalu yobiriwira ya patebulo la makadi, yomangidwa pamitengo inayi ya zokolopera, ogwirira ake ogawa makadi a ku Rasha ovala tayi. Kaputeni anavala jekete yoyera n'kuwerenga mawu ena m'Chigiriki, amene ena amati anali malangizo a kazimitsidwe ka moto. A Makhluf anaveka mkwatibwi mphete, anaphwanya tambula ndi phazi monga mwa mwambo wathu, agogo n'kululutira. Kenako onse anakhamukira kwa mkwatibwi kukafunsa zaka zake kuti akaziike pagudumu. Sultana anati makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, poti manambala a gudumu amathera pomwepo. Kampira ka pagudumupo kanagwera pa nambala ina, ndipo gogo wina wa ku Holon anati umu ndi mmene Mulungu amalangira bodza.

Zaka zimene zinatsatira a Makhluf amazikumbukira ngati madzulo amodzi aatali. Kuseri kwa khitchini kunali kachipinda kosungira nsalu, ka zenera lozungulira ngati mbale. Sultana anayalamo kapeti, anaikamo chitini cha timbewu tonunkhira ta mu tiyi ndi chithunzi cha mwana wake wamkazi. Anthu ankadya sitima isanafike pamzere, belu likalira palibe ankakumbukiranso mimba, ndiye awiriwa ankakhala opanda chochita. Sultana ankatulutsa mphete m'thumba la epuloni n'kuvala. A Makhluf akatha kuvundukula matebulo ankalowa osagogoda, n'kufunsa kuti kunyumba kuno kwacha bwanji.

Sitima inkangoyandama injini itazima, kutembenuka pang'onopang'ono, ndiye pazenera pankadutsa mapiri mosinthana, a ku Yordano ofiira psuu, a ku Iguputo otuwa, kenako madzi okhaokha. Kuwala kwa panyanja kunkavina padenga la kachipindako, kutsikira pamasaya a Sultana, kulowa m'matambula a tiyi. Kuseri kwa khoma kunkamveka kampira kakudumphadumpha pagudumu, anthu akubuula pamodzi ngati mphepo, koma zonsezo zinali kutali ngati mvula ya dziko lina. Sultana ankawawenga zikhadabo, kuwasokera mabatani, kuwakalipira za mchere. Iwo ankamufotokozera maloto, ndipo akasowa loto latsopano ankabwereza lakale atasintha mtundu wa nsomba. Ngakhale mikangano yawo inali ya panyanja. Belu lobwerera likayandikira ali pakati pa mkangano, Sultana ankavula mphete, mawu n'kuwasiya pomwepo, mawa lake n'kudzawatola pamene anawasiyira.

Padoko ankatsika wina patsogolo wina pambuyo. Pitani bwino mayi Sultana. Mufike bwino a Kohen, mukapereke moni kwa achemwali. M'basi ankakhala motalikirana ngati anthu oti anakangana pamaliro.

Tauni yonse inkadziwa. Eilat ndi malo oti ukayetsemula kumtunda, a padoko ndi amene amakufunira moyo. Koma Kohen wina kunalibe, ndiye amuna a m'sunagoge anagwirizana osakambirana kuti pamtunda munthuyo ndi wosakwatira, ndipo za m'madzi n'za nsomba. A Mesoda ankauza anansi kuti mchimwene wawo ali pantchito yolemetsa. Rabi yekha ndi amene nthawi yodalitsa ankatsinzina mothinitsa kuposa mmene mwambo umafunira. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, koma kuno mvula imabwera mwa apo ndi apo ngati mlendo wosochera, ndiye a Makhluf mwambiwo sankauopa.

Mvulayo inadzagwa. Akuluakulu a malamulo anatopa nawo masewera a mzere. Ena amati anapeza kuti tebulo ndi tebulo ndithu ngakhale litafunda, ena amati a mayiko a tsidya lija ndi amene anadandaula, ena amati kunali eni juga ena a nsanje. M'mawa wina apolisi anakwera Dona Perla ili padoko, n'kutsitsa matebulo onse ali chifundire. Gudumu analinyamula anthu awiri mosamala ngati wodwala. Mwini sitima anasowa ngati mame. Kaputeni Manolis anapsompsona aliyense masaya onse n'kukwera ndege ya kwawo. Sitimayo anaimanga ndi zingwe zonenepa ngati ntchafu, utoto n'kuyamba kusupuka, dzimbiri kuyenderera m'mbali ngati misozi.

Ukwati wa a Makhluf unatsala panyanja wopanda chokwera.

Sultana anapeza ntchito kukhitchini kwa hotela ina. Ankakumana pamsika n'kupatsana moni wa anansi. Anadikira mwezi, anadikira wina, mphete ili m'thumba. A Makhluf dzuwa likapendeka ankakhala pakhoma la padoko kuyang'ana kumwera, n'kumaona kachipinda kaja kakuyandama pakokha pamadzi, kopanda sitima, tiyi akufuka nthunzi pazenera.

Kenako anabwereka kaboti ka injini kwa msodzi wina, n'kumuuza Sultana kuti avale bwino. Anatenga fulasiki ya tiyi ndi belu lija, limene analibisa m'malaya tsiku la apolisi. Dzuwa linali paliwombo, mphepo ya kumpoto ikukankha, kaboti kakumenya mafunde ngati makofi. Sultana anagwiritsa m'mbali nkhope itayera ngati ufa. Asanafike kulikonse boti la asilikali a panyanja linatulukira, wina wa yunifolomu n'kufunsa pachimkuzamawu kuti agogo ulendo ndi wa kuti. A Makhluf anaimirira kuti afotokoze, kaboti n'kupendama, fulasiki ndi belu phava m'madzi. Asilikaliwo anawaperekeza mpaka pagombe, alendo osamba akuwajambula.

Pamchenga Sultana anakhala pansi, n'kuvula nsapato zonyowa. Atalankhula sanakweze mawu.

"A Kohen, ine ndaseka nanu mokwanira. Ndinali mkazi wa m'madzi ngati nsomba, ndipo sindikudandaula, zinali zokoma. Koma mawondo angawa ayamba kulira. Ndikadzagwa m'bafa, ndidzadikire kuti wina akoke nyumba yanga kupita nayo kuseri kwa mzere kuti inu mudzandidzutse? Mwana wanga ku Ashdod ali ndi chipinda. Sabata ili likangotha ndikukwera basi."

A Makhluf anayamba kunena za msodzi wina wa boti lokulirapo. Sultana anatulutsa mphete m'thumba, anaiika m'dzanja lawo, n'kuwapinda zala yekha.

"Mpheteyi siidziwa masitepe a kunyumba kwanga. Mukafuna muiphunzitse. Mukapanda kufuna mupatse nsomba zanu zija."

Lachisanu a Makhluf anakwera Dona Perla, mlonda atawalola chifukwa cha chisoni. Kachipinda kaja kanali kotentha ngati uvuni. Timbewu tinauma m'chitini, ndipo pazenera lozungulira pankaoneka khoma la doko ndi tayala lakale lolendewera, osasuntha. Anakhala pakapeti kudikira kuti mwina mapiri adutsa. Sanadutse. Madzulo patebulo a Mesoda anali osangalala ngati tsiku la ukwati, poti nkhani ya basi inali itawafika kale. Anawapakulira mutu wa nsomba, amvekere idya mwana wa amayi, wawonda, za m'madzi zatha, watsala ndi dzina lako loyera. A Makhluf anadya osamva tsabola.

Sabata m'mawa m'sunagoge mafani ankazungulira mwaulesi. Nthawi itayandikira, mkulu wa jagi uja anawakodola ndi mutu monga mwa masiku onse. A Makhluf anawerama, anagwira zingwe za nsapato, n'kukhala chigwirire. Ankaona malo awo aja kutsogolo, kapeti itaperepeseka pamene mapazi awo anaponda zaka zonsezi, ndipo ankaulakalaka mtambo woyera uja monga munthu alakalakira madzi. Koma pakapeti yomweyo ankaonanso basi ikukwera msewu wa m'chipululu, Sultana ali pazenera chikwama chili pamawondo, ikucheperachepera pakati pa mapiri mpaka kukhala ngati nyerere. Ndipo kumene basiyo inkapita kunalibe belu loti n'kuibweza.

Mwambo umati Kohen amene sangadalitse atuluke asanaitanidwe, kuti kuitanako kusagwere munthu wokhala pansi. A Makhluf anaweramuka nsapato zili chimangire, anadutsa pafupi ndi jagi, n'kutuluka. Ena amati rabi anagwedeza mutu, ena amati inali ntchentche.

Wotsogolera mapemphero sanaone kanthu poti anali atayang'ana kukhoma. A Makhluf ali panja anamumva pazenera akuitana kuti "Ansembe." Kunali zii, zii wautali woti ungomva mafani. Anaima pamthunzi wa khoma mpaka munthuyo anatsokomola n'kuwerenga yekha mawu aja mofulumira ngati malangizo a pabotolo la mankhwala. Zinawapweteka, tisaname. Analira pang'ono, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

Kenako anawoloka msewu. Sabata m'mawa kuno makonde onse amakhala ndi anthu akutafuna nthanga za mpendadzuwa, kudikira chochitika. Anaona Kohen akudutsa nthawi ya pemphero, nsalu yopempherera ikadali paphewa, akulowera kunyumba zosanja zokhala Sultana, kumene sanapondeko chiyambire, ndipo makoko a nthanga anasiya kugwa. Masitepe anakwera akupumira pansanja iliyonse, zitseko zikutseguka pang'ono kumbuyo kwawo.

Sultana anatsegula atavala diresi ya m'nyumba, tsitsi losapesa, lotuwa kumizu. A Makhluf anali asanamuonepo m'mawa. Kumbuyo kwake masutikesi anali atatsamira khoma.

"Mwasochera a Kohen? Nyanja ili kumusi uko."

A Makhluf anati abwera kudzakhala.

"Ngati ndani? Mpando wa alendo ndilibe, ndalongedza."

"Ngati mwamuna wako," anatero chapansipansi.

"Kwezani mawu bambo. Mayi a pansipa khosi lawapweteka ndi kusuzumira, achitireni chifundo."

A Makhluf anatembenukira kumasitepe, anatsegula pakamwa, ndipo panatuluka mawu oti nyumba yonse inanjenjemera. Ananena kuti iwo ndi Makhluf mwana wa Haviv, ndipo Sultana ndi mkazi wawo, pano, pamtunda, Sabata ndi masiku wamba. Anamva mpaka a pansi penipeni, ndipo wina kumusiko anayankha ameni mwachizolowezi, kenako n'kutseka chitseko mwamanyazi. Sultana anatambasula chala. Mphete italowa anawauza kuti apukute mapazi.

Palibe rabi anawakwatitsapo mpaka lero. Ku Kupro amati adzapita mawondo akadzalola. Sunagoge imabwereka Kohen kumahotela nyengo ya alendo, akasowa imangokhala. A Makhluf amapempherabe komweko, pampando wa pafupi ndi khomo, ndipo nthawi yodalitsa ikayandikira amatuluka kukaona nyengo, imene kuno siisintha.

Koma za tsiku lija sizinathere pamasitepe. Dzuwa lili pamutu kunamveka phazi likugogoda chitseko. Potsegula anapeza mphika wa Sabata uli pansi, wokulungidwa m'thaulo, ndi msana wa a Mesoda ukutsika masitepe, wouma ngati thabwa. Chakudya chimenechi chimagonera pamoto kuyambira Lachisanu, nyama, tirigu, mbatata ndi mazira ophikira m'makoko mpaka kufiirira, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti mazira amaikamo molingana ndi anthu a pabanja. Sultana anauika patebulo, anavundukula, n'kufufuza ndi chipande mpaka pansi, mbali iyi ndi iyo. Dzira linali limodzi.

A Makhluf anayamba kuchita chidwi ndi pazenera. Sultana analitola dziralo, analisenda mosafulumira, analithira mchere, n'kulidya lonse akuwayang'ana m'maso.

"Alamu anga ndi munthu wabwino," anatero akunyambita chala. "Anditumizira dzira. Inu idyani mbatata, ndipo Sabata likatha mumasule masutikesiwo."